Atsikana 30 a ku Geneva

Boma likafuna nkhondo limayamba lasaka ndalama, ndipo ku Ulaya wakale ndalamazo zinali zovuta kubwereka. Mpingo unkaletsa kukongoza ndalama pa chiwongoladzanja, kotero mzinda sukanangopita kwa anthu olemera n'kunena kuti tibwerekeni, tidzabweza ndi phindu. M'zaka za m'ma 1200 mizinda ya ku Flanders ndi kumpoto kwa France inapeza polowera. Munthu ankapereka ndalama zochuluka kamodzi, mzinda n'kulonjeza kumamupatsa kandalama chaka ndi chaka mpaka tsiku limene adzatsikire kulichete. Akamwalira, nkhani yathera pomwepo, ana ake alibe chofunsa. Akuluakulu a mpingo anavomera kuti kumeneku ndi kugula ndi kugulitsa, si katapira ayi, ndipo malondawo anafalikira mpaka ku Holland ndi ku England.

Amene anapuma pantchito n'kumalandira penshoni mwezi ndi mwezi akuwadziwa malonda amenewa. Kungoti akalewo anali ndi kachilolezo kena kachilendo. Moyo umene ndalamazo zatsamirapo sunkayenera kukhala wa mwini ndalama. Wogula ankatha kutchula mwana wake, mwana wa mnansi, ngakhale mfumu imene, bola pa nthawi yolandira abweretse umboni woti munthuyo akupumabe.

Nanga lonjezo lotere ligulidwe zingati? Wotchulidwayo akafa chaka chamawa, mzinda wadya bwino. Akakhala zaka 60, mzinda walira. Kwa zaka mazana angapo mtengo unkangotsata mmene boma lapanikizikira, ndipo kawirikawiri unali umodzimodzi kwa khanda ndi kwa nkhalamba.

Ine ndimaphunzitsa masamu a mwayi kwa ongoyamba kumene, ndipo pali kasamu kena kamene ophunzira amakaloweza ngati pemphero: tenga chilichonse chimene chingachitike, uchulukitse ndi mwayi wake, uphatikize zonse, wapeza avareji. Amakalemba bwinobwino pamayeso, koma ambiri amaganiza kuti kanangogwa kuchokera kumwamba. Chonsecho kanabadwira pa mkangano wa ndalama, ndipo poyamba sikankakhudza imfa ya munthu. Kankakhudza juga.

Mkanganowo unali wotere. Anthu awiri aikapo ndalama zofanana, agwirizana kuti woyamba kupambana kangapo atenga zonse, koma masewera aduka asanathe. Agawane bwanji? Luca Pacioli, m'buku lake la masamu losindikizidwa ku Venice mu 1494, anati agawane molingana ndi mmene aliyense wapambanira kale. Niccolò Tartaglia anatsutsa mu 1556. Anati ngati wina wapambana kamodzi kokha mnzake asanayambe, ndiye kuti woyambayo atenge zonse, pamene ulendo ukadali wautali? Koma naye yankho lokhutiritsa analibe, moti anangoti nkhaniyi ndi ya oweruza milandu, ndipo mulimonse mungagawire, wina adzadandaulabe.

Patapita zaka pafupifupi 100, Antoine Gombaud, amene anthu ankamudziwa ndi dzina loti Chevalier de Méré, munthu wokonda kucheza ndi ophunzira komanso wodziwa za madayisi, anatula funso lomweli kwa Blaise Pascal ku Paris. Pascal analembera Pierre de Fermat, woweruza milandu wa ku Toulouse amene ankachita masamu akaweruka kuntchito. M'kalata ya pa 29 Julayi 1654 Pascal anafotokoza njira yake, ndipo ndimaona kuti mpaka lero palibe buku la kusukulu limene linaifotokoza bwino kuposa iye. Aliyense waikapo ndalama zagolide 32, pakati pali 64, ndipo wopambana katatu ndiye mwini zonse. Woyamba wapambana kawiri, wachiwiri kamodzi. Akanaseweranso kamodzi, woyambayo akanapambana n'kutenga 64, kapena akanaluza n'kufanana ndi mnzake, zimene zikanawagawitsa 32 aliyense. Ndiye woyambayo akuti: 32 ndi zanga zivute zitani, ndipatseni kaye. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zinazo 32 mwina nditenga ine, mwina inu, mwayi ndi wofanana, tigawane pakati. Iye atenga 48, mnzake 16. Akadakhala kuti wapambana kawiri mnzake asanapambane n'kamodzi komwe, njira yomweyo ikupereka 56 ndi 8. Akadapambana kamodzi kokha, 44 ndi 20.

Fermat anadzera kwina. Anandandalika njira zonse zimene masewera awiri otsalawo akanathera, anapeza zinayi, ndipo zitatu mwa izo zinali zokomera woyamba. Magawo atatu mwa anayi a 64 ndi 48 yomwe ija. Pascal anakondwa kuona kuti yankho la ku Toulouse ndi la ku Paris lafanana.

Chimene amuna awiriwa anachita ndi kusiya kuyang'ana m'mbuyo, kumene Pacioli ankayang'ana, n'kuyamba kuyeza zimene zikanachitika kutsogolo. Koma taonani kuti 48 si ulosi. Masewera akanapitirira mpaka kumapeto, munthu uja akanapita kwawo ndi 64 kapena chimanjamanja, 48 sakanaiona. Nambalayo ndi mtengo wa malo ake pamasewerapo, ndalama imene wina akanamupatsa mwachilungamo kuti alowe m'malo mwake. Ophunzira anga akamadabwa kuti avareji ya dayisi ingakhale bwanji 3.5 pamene dayisi ilibe mbali yotero, vuto lake ndi lomweli. Amafuna kuti avareji iwauze chimene chigwe, pamene eni ake anaipangira ntchito yogulira ndi kugulitsira mwayi.

Pascal sanachedwepo. Mu Novembala chaka chomwecho anatembenukira ku za chipembedzo ndi mtima wonse. Amene anatola nkhaniyo anali mnyamata wa ku Holland, Christiaan Huygens, amene anafika ku Paris mu 1655, anamva za mafunsowo, n'kukawasinkhasinkha yekha kwawo. Kabuku kake kanatuluka mu 1657, ndipo kwa zaka zoposa 50 aliyense wofuna kuphunzira masamu a mwayi ankayambira pamenepo. Chitsanzo chake choyamba n'chosavuta: munthu wafumbata masheleni 3 m'dzanja lina ndi 7 m'dzanja linalo, wakuuza kuti usankhe dzanja. Mwayi umenewo ndi wofanana ndi kukhala ndi masheleni 5 m'thumba. Kuchokera apo anakwera pang'onopang'ono mpaka pa lamulo limene ophunzira amaloweza lija.

Dayisi ili ndi mbali 6 ndipo aliyense angathe kuziwerenga. Moyo wa munthu ulibe mbali zowerengeka. Kuti lamulo la Huygens ligwire ntchito pa malonda aja panafunika wina woti anene kuti mwa anthu 100 ndi angati amafa pa msinkhu uti. Woyamba kuyesa anali John Graunt, wamalonda a nsalu ndi mabatani ku London. Mumzindamo munkatuluka mapepala a mlungu ndi mlungu onena za anthu amene aikidwa m'manda ndi matenda amene awapha, ndipo olemera ankawawerenga pofuna kudziwa ngati mliri wakula kuti athawire kumidzi. Graunt anasonkhanitsa mapepala a zaka zambiri, n'kutulutsa buku mu 1662. Mapepalawo sankalemba zaka za omwalira, choncho iye anawerenga amene anafa ndi matenda a ana n'kupeza kuti mwa obadwa 100, okwana 36 safika zaka 6. Anaganiza kuti mmodzi yekha ndiye amapitirira zaka 76, ndipo pakatipo anangodzazapo manambala otsika mwadongosolo. Otsala amoyo anali 64 pa zaka 6, 40 pa zaka 16, 25 pa zaka 26, kenako 16, 10, 6, 3, mpaka 1 pa zaka 76.

Ndandanda yongopeka theka imeneyi inafika m'manja mwa abale awiri a Huygens, ndipo mu 1669 anakangana nayo m'makalata. Mng'ono wake wa Christiaan, Lodewijk, anachita samu imene ndimapatsa ophunzira anga mpaka lero. Anthu 36 amene amafa asanafike zaka 6 anawawerengera zaka 3 aliyense, zonse 108. Anthu 24 ofa pakati pa 6 ndi 16 anawapatsa zaka 11, zonse 264. Otsatira 15 zaka 21, ena 9 zaka 31, ena 6 zaka 41, ena 4 zaka 51, atatu zaka 61, awiri zaka 71, womaliza 81. Kuphatikiza zonse kunapereka zaka 1,822, ndipo kugawira anthu 100 kunapereka zaka 18 ndi miyezi yoposa iwiri. Samu yomweyo ikuonetsa chinthu china chimene eni ndalama anadzachigwiritsa ntchito pambuyo pake. Mwana amene wafika kale zaka 6 amakhala ndi zaka pafupifupi 21 kutsogolo kwake, zoposa za khanda lobadwa lero, chifukwa wadutsa kale pamene imfa imakolola kwambiri.

Christiaan sanatsutse samuyo, anatsutsa tanthauzo lake. Anati usaganize kuti khanda lili ndi mwayi wa theka wofika zaka 18. Ofika ngakhale zaka 16 ndi 40 okha mwa 100, ndipo theka la anawo limakhala litatha cha m'ma zaka 11. Avareji yakwera chifukwa cha nkhalamba zochepa zimene zikukokera nambala kumwamba. Mawu ake anali oti nambala ya Lodewijk ndi yothandiza wogulitsa malipiro a moyo wonse, pamene inayo ndi ya munthu wobetcha pa mwana mmodzi. Ndimaona kuti apa m'pamene munthu anayamba kuzindikira kuti avareji payokha imabisa zambiri.

Amene anatengera zonsezi kuboma anali Johan de Witt, mtsogoleri wa ndale ku Holland, amene anaphunzira masamu kwa Frans van Schooten, mphunzitsi yemwenso wa Christiaan Huygens. Nkhondo ndi France inkanunkhira ndipo boma linkafuna ndalama. Mu 1671 De Witt anapereka lipoti ku nyumba ya malamulo. Anagawa moyo wa munthu m'zigawo za miyezi 6, chigawo chilichonse anachipatsa mwayi wake wa imfa, anawerengera ndalama zimene boma lingalipire munthu akafera m'chigawo chimenecho atachotsera chiwongoladzanja cha 4 peresenti, n'kuphatikiza zonse monga Huygens anaphunzitsira. Yankho linali lakuti malipiro a guilder imodzi pachaka, oikidwa pa moyo wa mwana wamng'ono, ayenera kugulidwa maguilder 16. Boma linkagulitsa pa 14. Chaka chotsatira adani analowa m'dzikomo, anthu anaukira De Witt, ndipo pa 20 Ogasiti 1672 gulu la anthu linamupha pamodzi ndi mkulu wake Cornelis ku The Hague. Lipotilo linasowa moti patapita zaka 30 katswiri wa masamu Jacob Bernoulli ankachonderera katswiri mnzake Leibniz kuti amubwereke kope lake, Leibniz n'kulephera kulipeza m'mapepala ake.

Ku England zinthu zinali zoseketsa kuposa apa. Mu 1693 Edmond Halley, yemwe uja dzina lake linapatsidwa kwa nyenyezi ya mchira, anasindikiza ndandanda yochokera m'kaundula weniweni wa mzinda wa Breslau, kumene m'busa Caspar Neumann anasonkhanitsa obadwa ndi omwalira a zaka za 1687 mpaka 1691, zaka za omwalirawo zitalembedwa. Halley anapeza kuti pa chiwongoladzanja cha 6 peresenti, malipiro oikidwa pa mwana wa zaka 10 ayenera kugulidwa ndi ndalama zoposa malipiro a zaka 13, pamene a munthu wa zaka 70 angopitirira pang'ono malipiro a zaka 5. Nthawi yomweyo boma la England linali kugulitsa pa mtengo wa malipiro a zaka 7 kwa wina aliyense, mwana kaya gogo. Halley analemba poyera kuti ogula akupindula kwambiri. Boma silinasinthe. Amene anamvera anali amalonda: kampani ya inshuwalansi ya Equitable, imene inayamba ku London mu 1762, inkalipiritsa munthu molingana ndi zaka zake.

France ndiye inalakwitsa mochititsa chidwi, ndipo sindikhulupirira kuti chinali umbuli. Antoine Deparcieux anali atasindikiza kale ndandanda zabwino za imfa m'dzikomo mu 1746. Koma Jacques Necker, amene anayendetsa chuma cha mfumu kuyambira 1777 mpaka 1781, ankafuna ndalama zothandizira America pa nkhondo yake ndi Britain popanda kukweza misonkho, ndipo katundu wotchipa sachedwa pamsika. Anagulitsa malipiro a moyo wonse ochuluka zedi, opereka cha m'ma 10 peresenti pachaka pa moyo wa munthu mmodzi, osafunsa zaka. Necker mwiniyo anali mwini banki wochokera ku Geneva, ndipo anzake a kumudzi kwawo anadziwa chochita nawo mwayi umenewu.

Eni mabanki a ku Geneva ankasankha ana aakazi ang'onoang'ono ochokera m'mabanja opeza bwino, amene anali atadutsa zaka zoopsa za ukhanda ndiponso atadwala kale nthomba kapena kutemeredwa. Ankasankha aakazi chifukwa amakhalitsa kuposa amuna, komanso sapita kunkhondo kapena kunyanja. Ndalama sizinali za atsikanawo, iwo ntchito yawo inali kukhala moyo basi. Mpaka apa ndi nzeru ya Lodewijk: sankha moyo umene avareji yake ndi yaitali, ugule pa mtengo wa nkhalamba. Koma anawonjezapo china. M'malo moika chuma chonse pa mwana mmodzi, ankachigawa mofanana pa atsikana ambiri, kawirikawiri 30, n'kuphatikiza malipiro onse m'thumba limodzi, kenako n'kumagulitsa magawo a thumbalo kwa aliyense wofuna. Mtsikana mmodzi akamwalira, thumba linkataya gawo limodzi mwa 30, osati lonse.

Kugawa pa atsikana 30 sikukweza avareji ngakhale pang'ono. Chimene kumachepetsa ndi kumwazikana, ndiye kuti kutalika kwa mtunda umene zotsatira zenizeni zingagwere kuchoka pa avareji. Tiyeni tibwerere ku ndandanda ya Graunt kuti tikuone ndi maso. Avareji ndi 18.22. Amene afa pa zaka 3 ali pansi pake ndi zaka 15, amene wafa pa 81 ali pamwamba ndi zaka pafupifupi 63. Mukangophatikiza mitunda imeneyi, ya pansi ndi ya pamwamba imadyana n'kutsala ziro, n'chifukwa chake mtunda uliwonse timayamba tauchulukitsa ndi iwo womwe, kenako ndi mwayi wake, n'kuphatikiza. Pa ndandanda ya Graunt zimapereka pafupifupi 336, ndipo sikweya ruti yake ndi 18.3. Kumwazikana kukufanana ndi avareji imene! Kuika ndalama pa khanda limodzi la ku London inali juga yeniyeni. Koma mukatenga miyoyo 30 yosadalirana, kumwazikana kwa avareji yawo kumagawidwa ndi sikweya ruti ya 30, imene ndi pafupifupi 5.5, n'kutsika kufika zaka 3 ndi miyezi inayi. Atsikana a ku Geneva anali osankhidwa bwino kuposa makanda a Graunt, koma kachepedwe kake n'komweko.

Lamulo la sikweya ruti limeneli analipeza ndi Abraham de Moivre mu 1733. Iye anali Mfalansa wachipulotesitanti amene anathawira ku London chipembedzo chake chitaletsedwa kwawo mu 1685, ndipo popeza sanapatsidwe mpando pa yunivesite iliyonse, ankadya za kuphunzitsa ana a olemera ndi kuwerengera otchova juga ndi ogula malipiro a moyo wonse m'nyumba yomwera khofi ya Slaughter's. Anaonetsa kuti mukaponya ndalama yachitsulo maulendo 3,600, mutu umayembekezeka maulendo 1,800, ndipo pafupifupi kawiri mwa katatu chiwerengero chenicheni chimagwera pakati pa 1,770 ndi 1,830. Mtunda wa 30 umenewo ndi theka la sikweya ruti ya 3,600. Mukachulukitsa maulendo ka 100, mtundawo umangokula ka 10. Mayina amene ophunzira amalemba lero anabwera mochedwa kwambiri. Karl Pearson anayamba kunena standard deviation mu 1893, ndipo Ronald Fisher anabweretsa variance mu 1918, eni mabanki a ku Geneva atadyerapo kale zaka zoposa 100 m'mbuyomo.

M'mabuku a kusukulu avareji ndi kumwazikana zimabwera pa tsamba limodzi ngati mapasa, ndipo wophunzira amaona chachiwiricho ngati ntchito yongowonjezera yotopetsa. Ine ndikanakonda tizichedwa pa chachiwiricho, chifukwa n'chimene chimasiyanitsa wogulitsa inshuwalansi ndi wotchova juga. Onse awiri akhoza kuwerengera avareji molondola. Wa inshuwalansi amagona tulo chifukwa wasonkhanitsa miyoyo yambiri yosadalirana, pamene wajuga watsamira pa kuponya kumodzi.

Mawu oti yosadalirana ndi amene ndimawalemba mzere kunsi pabolodi. Samu ya sikweya ruti imagwira ngati tsoka la mmodzi silikoka anzake. Mliri umodzi wolowa mu Geneva ukanatha kuiphwanya, popeza atsikana onse ankamwa madzi a mzinda umodzi. Mliriwo sunabwere. Chimene chinali chimodzi kwa onse 30 chinali wolipira, ndipo ameneyo sanalowe m'samu ya aliyense. Pofika 1789 malipiro a moyo wonse anali mbali yaikulu ya ngongole imene inafooketsa ufumu wa France. Anthu ataukira ufumuwo, boma latsopano linayamba kulipira ndi ndalama zamapepala zimene mphamvu yake inkatsika mwezi ndi mwezi, ndipo mabanki angapo a ku Geneva anagwa. Mu 1794 Pierre-Joseph Cambon, amene ankayang'anira chuma cha boma loukiralo, anakonzanso malipiro onsewo poyang'ana zaka za anthu otchulidwa, chinthu chimene De Witt ndi Halley ananena kalekale. Pa 30 Seputembala 1797 boma linafafaniza magawo awiri mwa atatu a ngongole zake, n'kupereka m'malo mwake mapepala amene posakhalitsa anasanduka opanda pake. Mtsikana amene anasankhidwa mu 1780 ali ndi zaka 7 anali ndi zaka 24 zokha pa tsikulo.